Momwe mungamalizire masters muli pa ntchito, mutu osazungulira

Ine masters yanga ndinaichita ndikugwira ntchito, ndili ndi ana awiri, ndikukhala ku Chilomoni. Ambiri amene mumawaona madzulo akuthamangira kalasi ku MUBAS kapena ku KUHeS moyo wawo ndi womwewu: masana ku ofesi, madzulo m'kalasi, ukafika kunyumba mwana akudikira ndi homuweki. Za kulembetsa ndi kusaka fizi sindinenapo, amene mukuwerenga izi munadutsa kale pamenepo.

Choyamba, dziwani kumene nthawi yanu ikuthera. Kwa sabata imodzi muzilemba chilichonse chimene mwachita ndi nthawi yake, osadzinamiza. Ine ndinkati ntchito ndiyo ikundidyera nthawi, koma pepala linaonetsa kuti ndi minibasi ndi WhatsApp. Kudikira kuti minibasi idzaze, kutsika m'tauni, kukweranso ya ku Limbe kuti ndikatsike pa Chichiri, kenako mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway anthu akaweruka. Nthawi imeneyo ndinaisandutsa yowerenga. Mapepala muziwatsitsiratu mufoni mukakhala pa wifi ya kusukulu, bandulo yanu isamathere pa PDF. Koma musakhale kuwindo foni ili m'manja, ena amaitsomphola minibasi ikaima.

Chachiwiri, sankhani maola awiri olemba ndipo akhale omwewo tsiku ndi tsiku. Anga anali 4 koloko mpaka 6 m'mawa, ana asanadzuke. M'mwezi wa June chiperoni chikagwira, kutuluka m'bulangete kumakhala ngati chilango, ndiye ndinkagona nditaika tiyi mu fulasiki ndi juzi pampando. Foni izigona kuchipinda china. Musamadziuze kuti "mawa ndilemba chaputala 2". Muziti "mawa ndilemba ndime zitatu za zomwe ena anapeza ku Zambia", chinthu choti ikamakwana 6 mukhoza kunena kuti chatheka. Laputopu muzitchajiratu usiku, magetsi safunsa kuti muli ndi dedilaini.

Chachitatu ndi chimene ndalembera nkhani yonseyi: sungani ntchito yanu malo atatu. Ine ndinali nditacheza ndi anthu 18 pa kafukufuku wanga, ena ku Bangwe, ena ku Ndirande, ndipo ndinatha miyezi iwiri ndikumvetsera mawu awo n'kumalemba liwu ndi liwu. Amene anachitapo akudziwa kuti kucheza kwa ola limodzi kumakutengera madzulo angapo kuti ukulembe. Zonse zinali mu laputopu, ndipo ndinkakoperanso mu flashi imene ndinagula kwa mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu ku Limbe. Inalembedwa 64GB, mtengo wake wosafika ndi theka la wa m'sitolo. Ndinkadziona wochenjera.

Tsiku lina magetsi anabwera mwamphamvu laputopu ili pa tchaja, inangoti phethi, osayakanso. Sindinade nkhawa kwenikweni, ndinati flashi ilipo. Nditaiika pa kompyuta ya ku ofesi, mafoda onse ankaoneka, mayina a mafayilo onse ali bwinobwino, koma ukatsegula, mwina zilembo zosamveka, mwina mulibe kanthu. Ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta m'tauni. Anaiyesa pang'ono n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Amayi, iyi ndi yabodza. Mkatimu ndi yaing'ono kwambiri, anangoinamiza kuti izionetsa 64. Ikadzadza imangolandirabe, koma palibe chimene ikusunga."

"Ndiye palibe chomwe mungachite, achimwene?"

"Pa flashiyi ayi. Tiyese hadi disiki ya laputopuyo."

Anapulumutsa zina, koma zolemba za anthu 7 zinapita. Mwayi wake mawu a ena anali adakali mufoni, ndinayambiranso kulemba. Awiri ndinachita kubwererako kukawapempha kuti tichezenso, manyazi ake osaneneka. Semesita yonse inapita, ndipo semesita yowonjezera ndi fizi yowonjezera. Mwezi umenewo ndinkadzuka 2 koloko usiku mtima ukugunda, kudya osafuna, ana ndikungowakalipira popanda chifukwa. Bambo a kunyumba ndi amene anandikakamiza kukayezetsa BP.

Ndiye chitani izi lero lomwe. Google Drive imapereka 15GB yaulere, yokwanira zolemba zanu zonse. Lachisanu lililonse muzidzitumizira chaputala pa imelo, dzina la fayilo likhale ndi deti, osati "final", "final2", "final yeniyeni". Flashi gulani m'sitolo yopereka lisiti, ndipo musanaikhulupirire idzazeni ndi mavidiyo mpaka pakamwa, kenako mutsegule ena mwa iwo muone ngati akusewera. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamagwira ntchito yomweyi. Mafayilo okhala ndi mawu a anthu muwatseke ndi pasiwedi ndipo muchotsemo mayina, paja munalonjeza chinsinsi pa fomu ija anasaina. Gulaninso kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, osati ekisitenshoni wamba ya pamsika.

Chachinayi, nthawi yodikira isamapite pachabe. Chilolezo cha kafukufuku, kaya chanu chikudutsa ku COMREC (komiti ya ku KUHeS younika kafukufuku) kapena ku komiti ya kusukulu kwanu, muchipemphe msanga chifukwa makomiti amakhala ndi masiku awo okumana ndipo akhoza kukubwezerani kuti mukonze zina. Podikirapo lembani chaputala 2, chija cha zomwe ena analemba kale pa mutu wanu. Asupavaiza nawonso ali ndi makalasi ndi ophunzira ena ambiri, choncho muziwatumizira masamba ochepa ndi funso lomveka, ndipo musanatuluke mu ofesi mwawo mugwirizane tsiku lokumananso. Mabuku amene mukutchula muziwaika mu Zotero, pulogalamu yosunga ndi kusanja mndandanda wa mabuku, kuyambira tsiku loyamba, ndi yaulere. Ndipo aja amalemba m'magulu a WhatsApp kuti "timalemba dissertation, mtengo wokambirana", athaweni. Amakugulitsani ntchito imene anagulitsa kale kwa wina, Turnitin, pulogalamu yofufuza ntchito zokopera, n'kukugwirani, kapena amangozimitsa foni mukatumiza theka pa Mpamba.

Chachisanu, phunzirani kukana. Maliro a wachibale simungajombe, zimenezo n'zodziwika. Koma komiti ya ukwati wa mwana wa mnzanu wa kuntchito, chinkhoswe cha Loweruka lililonse, usekilitale wa banki m'khonde, uzani anthu poyera kuti chaka chino muli pa sukulu. Tumizani kangachepe, mupepese. Adzadandaula sabata imodzi basi.

Za thupi mukuzidziwa kale. Gonani, idyani nsima osati mabisiketi ndi zakumwa zochotsa tulo, Lamlungu masana laputopu isatsegulidwe. Kusowa tulo kukapitirira milungu ingapo kapena mukayamba kuganiza zoipa, uzani munthu ndipo pitani kuchipatala, musadikire kumaliza chaputala.

Kusindikiza ndi kumanga buku, funsani mitengo malo atatu, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense amangotchula mtengo wake. Tengani PDF osati Word kuti matebulo asasokonekere, ndipo werengani masamba musanachoke pa kauntala. Langa linatuluka tsamba 46 lili chadodolido.