Konzani laputopu yolembera mapulogalamu yosaopa kuzima kwa magetsi

Mnyamata wina wophunzira ku yunivesite ya MUST, uko ku Ndata, anabwera kwathu ku Luchenza ndi laputopu ya kaunjika, RAM yake 4GB, akuti ndimuikire zonse zimene akatswiri amagwiritsa ntchito. Ndinangomuikira mapulogalamu atatu, iye nkhope gwaa. Komatu kuno chimene chimasokoneza munthu polemba code ndi magetsi ndi bandulo, ndiye makonzedwe onse ayambire pamenepo.

Musanakopere kalikonse, imangeni kaye Windows. Lowani mu Settings, kenako Network & Internet, sankhani hotspot ya foni yanu n'kuyatsa Metered connection. Mukapanda kutero imayamba kukoka ma update mwakachetechete, bandulo ya sabata yonse n'kutha tiyi asanazizire.

Choyamba ndi Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Itengeni pa python.org basi. Installer ikatseguka, pansi pake pali kabokosi kolembedwa Add python.exe to PATH. Kachongeni. Ambiri amakadumpha chifukwa cha changu, kenako amakhala tsiku lonse akudabwa kuti bwanji kompyuta ikuti Python palibe. Mukamaliza, tsegulani terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta, n'kulemba `python --version`. Nambala ikatuluka, zatheka.

Chachiwiri ndi VS Code, pulogalamu yolemberamo code ya Microsoft, yomwe inatuluka mu 2015 ndipo ndi yaulere. Ikani extension (kapulogalamu kowonjezera mu VS Code) imodzi yokha, ya Python. Zinazo zisiyeni, pa 4GB zimangolemetsa makina. Kenako dinani File n'kuyatsa Auto Save. Apa musanyozere. Batire za malaputopu a kaunjika zambiri zinafa kale, moti magetsi akangoti phethi, laputopu nayo imazima pompo. Auto Save imasunga zimene mwalemba pakangopita sekondi imodzi mutasiya kutaipa. Ine ndinayamba kuiyatsa nditataya ntchito ya madzulo onse, ndipo mawu amene ndinalankhula tsiku limenelo sindingawalembe pano.

Chachitatu ndi Git, yosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha mu code, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005. Anthu amaisokoneza ndi GitHub, webusaiti yosungirako code, n'kumaganiza kuti popanda intaneti siigwira. Imagwira bwinobwino. Mu foda ya ntchito yanu lembani `git init` kamodzi. Chinthu chikangoyenda, lembani `git add .` kenako `git commit -m "fomu yolembetsa yatheka"`. Mukadzasokoneza mawa, muli ndi pobwerera. Zokankhira ku GitHub muzichita tsiku limene netiweki yakomera.

Ntchito iliyonse ikhale ndi khola lake: `python -m venv .venv`. Mukatero n'kumagwirira ntchito m'kholamo, ma library (code yolembedwa kale imene mumaigwiritsa ntchito) a ntchito ina sasakanikirana ndi a ina.

Nayi mbali imene ndimaikonda. Tsiku limene muli ndi bandulo yokwanira, koperani library imene mukuifuna, mwachitsanzo flask, polemba `pip download flask -d katundu`. Mafailo onse ofunika alowa mu foda ya katundu. Iikeni pa flash. Mnzanu wa ku Bvumbwe amene alibe intaneti, bola Windows ndi Python yake zifanane ndi zanu, angolemba `pip install --no-index --find-links katundu flask`, waika osawononga ndi tambala yomwe. Mukaiwala kagwiritsidwe ntchito ka module ina ya Python, `python -m pydoc -b` imakutsegulirani malongosoledwe mu browser, intaneti osafunika.

Za pokhalira ndi zachidule. Laputopu isakhale pabulangete, imatsekeka mpweya n'kutentha. Isanjikeni pa mabuku awiri kuti khosi lisamapweteke. Nthawi ya chiperoni musaisiye pafupi ndi zenera, chinyezi cha kuno chimadya zitsulo za mkati. Magetsi akazima zulani chaja, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Mukapeza kandalama, musathamangire laputopu yatsopano. Pitani nayo ku Limbe akakuchotsereni hard disk yakaleyo n'kuikamo SSD, chosungira mafailo chothamanga kuposa hard disk. Ya mnyamata uja tinaichita zimenezi, ndipo tsopano VS Code imatseguka iye asanakhazikike pampando.