Momwe mungatetezere ng'ombe ku chilala potsatira ulosi wa zanyengo

Ulosi wa dzinja lonse umatulutsidwa ndi a zanyengo mvula isanayambe. Pezani wa dera lanu, chifukwa El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumasokoneza nyengo) yemwe anadzetsa chilala kummwera kwa Africa mu 2015/16 ndi 2023/24 amakonda kubweretsa mvula yambiri kum'mawa kwa Africa.

Ambiri amaphonya powerenga manambala ake. Ulosiwu sunena tsiku lomwe mvula idzagwe. Umagawa mwayi patatu: mvula yoposa ya masiku onse, yapakatikati, ndi yochepa. Zinthu zikakhala bwinobwino, gawo lililonse limakhala cha pa 33 pa 100. Tsono mukaona 45 pa 100 pa mvula yochepa, musadzitonthoze kuti sizinafike n'theka lomwe. Limenelo ndi chenjezo kale. Komanso manambalawo amaphatikiza mvula ya miyezi itatu. Ikhoza kukwanira koma itagwa yonse m'masabata ochepa, kenako ng'amba, msipu n'kupserera. N'chifukwa chake muzionanso ulosi wa masiku khumi.

Kenako werengani chakudya. Ng'ombe imadya zouma zolemera pafupifupi makilogalamu 2.5 pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake patsiku. Ya makilogalamu 300 imafuna 7.5, ndiye ng'ombe khumi zimatha makilogalamu 2,250 pamwezi. Miyezi inayi ndi matani 9. Ngati msipu, mapesi ndi udzu wosunga sizifika pamenepo, chepetsani ziweto zikadali zonenepa. Yambani ndi zokalamba, zosabereka ndi nkhunzi zoonjezera. Mukadikira kuti nthiti ziyambe kuoneka, aliyense amakhala akugulitsa ndipo mtengo umakhala utagwa.

Udzu mwetani ukangoyamba kuchita maluwa, muumitse, muusunge pathandala pansi pa denga. Madeya gulani msanga asanakwere mtengo, koma pisani dzanja mpaka pakati pa thumba. Ogulitsa ena amasakaniza mchenga, ena amagulitsa onyowa omwe achita kale chuku, ndipo chukucho chimadwalitsa ng'ombe.

Madzi konzerani malita 40 mpaka 60 pa ng'ombe yaikulu tsiku lotentha. Ana aleketseni kuyamwa msanga kuti amayi awo asawonde. Katemera ndi mankhwala a nkhupakupa musadumphe. Mapira ophukiranso pambuyo pa ng'amba musadyetse, amakhala ndi poizoni.