Zithunzi zoona kamodzi pa WhatsApp: momwe mungazitumizire mosamala, ndi pomwe chinsinsi chake chimathera

Mwezi watha mlongo wanga wa ku Ndirande anandiuza kuti wapeza munthu womulonjeza ntchito m'sitolo ina ku Limbe. Munthuyo sanakumanepo naye, ankangolankhulana pa WhatsApp, ndipo anali atamuuza kuti atumize chithunzi cha chiphaso chake cha unzika, mbali zonse ziwiri. Nditamufunsa ngati watumiza, anandiyankha mtima uli m'malo: "Achimwene musade nkhawa, ndatumiza cha View Once, akangochiona chifufutika chokha." Ndinamuuza kuti ajambule kapu yomwe inali patebulo, anditumizire mwanjira yomweyo. Ndinachitsegula pafoni yanga, n'kubwereka foni ya mlamu wake, n'kujambula sikirini yanga. Kapu ija inatsala mu foni yachitatu, yooneka bwinobwino. Mlongo wanga anangoti kukamwa yasa.

Njirayi ndi yothandiza ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito. Imateteza chithunzi chanu kuti chisakhalitse m'foni ya mnzanu, momwe ana, akunyumba kapena wobwereka foni angachipeze. Koma kwa munthu amene watsimikiza mtima kuti achisunge, njirayi ilibe mphamvu. Masitepe ali m'munsiwa ndi okuthandizani kusiyanitsa ziwirizi musanadine.

1. Dziwani kuti mukugwiritsa ntchito chiti

WhatsApp ili ndi zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Choyamba ndi Disappearing messages, chomwe chinabwera mu 2020. Mukachiyatsa, mauthenga a m'macheza amenewo amafufutika pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, malinga ndi zomwe mwasankha. Nthawi yonseyo mnzanu akhoza kuona chithunzicho kangapo konse, kuchijambula screenshot, kapena kuchitumiza kwa wina, ndipo chimene chatumizidwa kwina sichifufutika limodzi ndi chanucho. Kuyambira mu 2023 wolandira akhozanso kusunga uthenga wotere podina Keep, ngakhale kuti inu wotumiza mumadziwitsidwa ndipo mukhoza kukana.

Chachiwiri ndi View Once, chomwe chinayamba mu 2021 pa zithunzi ndi mavidiyo, kenaka mu 2023 n'kufikanso pa mauthenga a mawu. Ichi ndiye cholimbako. Chithunzi chimatseguka kamodzi, sichilowa mu gallery ya wolandira, sichitumizika kwa wina, ndipo chikakhala masiku 14 osatsegulidwa chimatha chokha. Mu 2022 kampani ya WhatsApp inawonjezera kuti screenshot isamatheke pa zithunzi zoterezi.

Ngati nkhani ndi chithunzi chimodzi chomwe simukufuna chitsale, sankhani chachiwirichi.

2. Jambulani m'kati mwa WhatsApp momwemo

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Munthu amajambula ndi kamera ya foni, kenaka n'kutumiza chithunzicho ngati View Once, n'kuiwala kuti choyambiriracho chakhala phee mu gallery yake. Ngati Google Photos kapena iCloud ili yoyatsa, chithunzicho chimakweranso chokha pa intaneti foni ikangopeza bandulo kapena Wi-Fi. Chafufutika kwa wolandira, koma kwa inu chili pawiri.

Tsegulani macheza a munthuyo, dinani kachizindikiro ka kamera, jambulani, ndipo musanatumize yang'anani pamalo olembapo mawu: pali kamzere kozungulira kokhala ndi nambala 1 pakati. Dinani pamenepo mpaka kasinthe mtundu, kenaka tumizani. Mukaiwala kudina, chapita ngati chithunzi wamba. Mukatero thamangirani Delete for everyone, koma ngati mnzanuyo anachitsitsa kale n'kuchikopera kwina, madzi akatayika saoleka.

Mukatumiza, lowanibe mu gallery mukaone ngati sichinatsalemo. Ngati chilimo, chifufuteni, kenaka mulowenso mu Trash kapena Recently deleted. Mafoni ambiri amasunga zofufutidwa kumeneko kwa masiku 30 kapena kupitirira, ndipo aliyense wogwira foni yanu akhoza kuzibwezeretsa ndi chala chimodzi.

3. Chiyang'aneni chithunzicho ngati kuti chafika kale pagulu la kumpingo

Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Ndi muyeso chabe womwe ine ndimaugwiritsa ntchito: chithunzichi chitapezeka pagulu la WhatsApp la abale, la kuntchito kapena la kumpingo, chingandiwonongere chiyani? Yankho likakhala lolemera, chepetsani zomwe zikuoneka.

Pa zikalata, bisani ndi chala kapena kapepala zomwe wopemphayo sakuzifuna. Amene akufuna kutsimikiza dzina lanu safunikira nambala yonse ya chiphaso ndi siginecha. Khadi la kubanki musalijambule kumbuyo komwe kuli manambala atatu aja, ndipo nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isatumizidwe ngakhale mwanjira iti. Buku la kuchipatala lili ndi masamba ambiri. Ngati mukuonetsa achemwali dzina la mankhwala oti akakuguleni, jambulani mzere wokhawo.

Pa zithunzi za thupi, zomwe anthu a pachibwenzi ndi apabanja otalikirana amatumizirana (ndipo amatumiziranadi, kaya tizinene kaya tisazinene), chomwe chimaulula munthu si nkhope yokha. Chipsera, mphini, ndolo, chitenje chodziwika, katani la kuchipinda, kalendala ya pakhoma yokhala ndi dzina la kuntchito, yunifomu yopachika pachitseko, zonsezi anthu a m'dera lanu amazizindikira msanga. Blantyre ndi mzinda waukulu, koma Chilomoni kapena Zingwangwa anthu amadziwana mpaka mtundu wa penti ya m'nyumba.

Kwa aliyense wosakwana zaka 18 palibe njira yosamala yotumizira zithunzi zoterezi. Malamulo a dziko lino amamutenga ngati mwana, ndipo kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu waukulu, ngakhale chithunzicho chikhale choona kamodzi.

4. Funsani kuti mnzanuyo ali ndi WhatsApp yanji

Sitepe iyi ndimaiona yofunika kuposa ena onse kuno kwathu. Anthu ambiri sagwiritsa ntchito WhatsApp yeniyeni ya ku Play Store. Ali ndi GB WhatsApp, FM WhatsApp ndi zina zotere, zomwe amapatsirana pa foni kapena kuikiridwa ndi anyamata a mafoni kumsika. Mapulogalamuwa sapangidwa ndi kampani ya WhatsApp, ndipo chomwe amakopera nacho anthu ndi chomwechi: kuwerenga mauthenga ofufutidwa, ndi kutsegula chithunzi cha View Once mobwerezabwereza mpaka kuchisunga. Inu kwanuko mumangoona kuti chatsegulidwa, palibe chokudziwitsani kuti chasungidwa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuti munthu aone chithunzi, chimayenera kufika chathunthu mu foni yake. Kufufutika kuja ndi lamulo lomwe pulogalamu ya mu foni yakeyo imauzidwa kuti itsatire. Pulogalamu yeniyeni imamvera, yosinthidwa ija imatha kukana. Mu September 2024 akatswiri a kampani ya Zengo anaonetsa poyera kuti ngakhale pa WhatsApp Web munthu ankatha kuchotsa kachizindikiro ka View Once n'kusunga chithunzicho, ndipo kampani ya WhatsApp inachita kukonza pambuyo pake. Vuto lamtunduwu silinayambe lero. Mu 2014 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linadzudzula Snapchat chifukwa chouza anthu kuti zithunzi zimatheratu pomwe panali njira zozisungira, ndipo chaka chomwecho zithunzi zikwizikwi za ogwiritsa ntchito Snapchat zinatayikira pa intaneti kuchokera ku tsamba lina lomwe linkazisunga mobisa.

Ngati ndi munthu amene mumaonana naye, yang'anani foni yake kapena mufunseni mosabisa. Ndipo ngati inuyo ndinu amene muli ndi GB, ichotseni. Simudziwa yemwe anaipanga ndi komwe mauthenga anu amadutsa, komanso WhatsApp imatseka maakaunti ogwiritsa ntchito mapulogalamu oterewa.

5. Yesani nokha, ndi kapu kapena nsapato

Chitani zomwe ndinachita ndi mlongo wanga. Tumizirani m'bale chithunzi cha chinthu wamba, ayese screenshot. Pa WhatsApp yeniyeni foni ikana kapena itulutsa chakuda. Kenaka atsegule china, wina achijambule ndi foni yachiwiri. Chithunzi cha View Once sichiwerenga masekondi. Chimakhala pasikirini mpaka mwini foni atachitseka, choncho nthawi yojambulira ndi yambiri. Palibe pulogalamu iliyonse, kaya Signal, Telegram, Instagram kapena Snapchat, yomwe ingaletse kamera ya foni ina. Snapchat ndi Instagram zimakudziwitsani munthu akajambula screenshot ya chithunzi chofufutika, kapena kuiletsa kumene, koma foni yachiwiri siziiona. Za Telegram dziwaninso kuti macheza wamba sabisidwa kuchokera kwa inu mpaka kwa wolandira monga zilili pa WhatsApp ndi Signal. Kuti zitero muyenera kutsegula Secret Chat.

WhatsApp yokha imanena zinthu zina ziwiri zomwe ambiri saziwerenga. Chithunzi chomwe sichinatsegulidwe pa nthawi yomwe foni ikupanga backup (kusunga kope la macheza onse) chikhoza kubwereranso backup imeneyo ikabwezeretsedwa. Komanso wolandira akachita report uthengawo, chithunzicho chimaperekedwa ku kampaniyi.

6. Tsekani makomo a foni yanu

Lowani mu Linked devices muone makompyuta ndi mafoni omwe alumikizidwa ku akaunti yanu. Mukapeza chomwe simukuchidziwa, kapena kompyuta ya ku kafe yomwe munasindikizirako CV, dinani Log out. Yatsani Two-step verification, musankhe manambala 6 omwe si tsiku lanu lobadwa. Macheza omwe simufuna ena awaone aikeni pa Chat lock.

Foni ikawonongeka, musanaisiye kwa okonza ku Limbe kapena m'tauni, chotsani simukhadi ndi memori khadi. Ntchito monga kusintha batire kapena polowera chaja sizifuna kuti mupereke pasiwedi. Akafuna kuyesa, itseguleni nokha muli pomwepo. Okonza ambiri ndi anthu okhulupirika omwe akungosaka ya ndiwo, koma foni imadutsa m'manja angapo pabenchi imodzi. Pogulitsa foni kapena kupatsa mphwanu, tulukani mu akaunti ya Google kenaka muchite factory reset.

7. Chikatuluka, kapena wina akayamba kukuopsezani nacho

Wolakwa ndi amene wasunga ndi kufalitsa chinthu chomwe munamupatsa mwachinsinsi. Ndikunena izi motsindika chifukwa kuno chithunzi chikatuluka, amene amasekedwa ndi kutukwanidwa ndi mtsikanayo, pomwe wochitulutsa akuyenda momasuka, ndipo manyazi amenewo ndi omwe amachititsa anthu kukhala chete mpaka zinthu kufika poipa.

Musatumize ndalama. Wolandira kamodzi amabweranso. Musafufute macheza, jambulani mauthenga oopsezawo, nambala yake, tsiku ndi nthawi, komanso nambala yomwe akuti mutumizeko ndalama. Uzani munthu mmodzi wamkulu yemwe mumamukhulupirira kuti akuperekezeni kupolisi, mukafunse ofesi ya Victim Support Unit. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta, ndipo bungwe la MACRA lili ndi nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti yotchedwa Malawi CERT. Ngati wokhudzidwayo ndi mwana, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo chithunzi chenichenicho musachikope kapena kuchitumiza kwa aliyense, ngakhale pofuna kuonetsa umboni. Pitani ndi foniyo kupolisi momwe ilili.

Kwa akuluakulu pali tsamba la StopNCII.org, ndipo kwa amene anajambulidwa asanakwane zaka 18 pali Take It Down. Masamba awiriwa satenga chithunzi chanu. Amapanga kachidindo ka manambala kuchokera pa chithunzicho chili mu foni mwanu momwemo, n'kupereka kachidindoko ku makampani monga Facebook, Instagram ndi TikTok kuti chikaikidwa pamasamba awo chizindikirike n'kuchotsedwa. M'magulu a WhatsApp njirayi siifika, poti mauthenga ake ndi obisika. Kumeneko chomwe chimagwira ntchito ndi kuchita report nambala yofalitsayo ndi kulankhula ndi ma admin a gululo kuti achifufute kwa aliyense, mphamvu yomwe anapatsidwa mu 2022.

Mlongo wanga uja sanamvenso za ntchito ya ku Limbe. Tinasunga macheza onse ndi nambala ya munthuyo, tinasintha manambala achinsinsi a ndalama za pafoni, ndipo tinagwirizana kuti akangolandira uthenga wa ngongole kapena simukhadi yomwe sanalembetse, tipita nazo kupolisi tsiku lomwelo.