Akakugogoderani usiku: zoyenera kuchita m'maola 72 oyamba

Kuno ku Harare, mayi kapena mtsikana akachitiridwa nkhanza sayamba wathamangira kupolisi. Amayamba wagogoda pakhomo pa munthu amene amamukhulupirira: mayi wa mvano, nkhoswe, mlembi wa bungwe la maliro, kaya mnansi wa ku Mbare kapena ku Epworth komweko. Malangizowa ndi anu, inu ogogoderedwa.

Mawu anu oyamba akhale akuti, "Ndakumva mwanawe, si mlandu wako." Zomufunsa kuti anavala chiyani kapena ankafunako chiyani usiku zisiyeni.

Ngati wagwiriridwa, koyamba kupita ndi kuchipatala, osati kubwalo la abale. Apa ndiye timalakwitsa kwambiri. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oteteza ku mimba nawo safuna kuzengereza. Koma ife timatha masiku atatu tikudikira amalume abwere kuchokera kufamu kuti adzaweruze, ndipo pomwe akufika, mwayi wa mankhwala wapita. Nkhani ya pachibale mudzakamba, koma thupi silidikira. Mperekezeni ku Adult Rape Clinic, kiliniki yothandiza ogwiriridwa ya pachipatala cha Parirenyatwa, kapena kukiliniki ya Edith Opperman ku Mbare. Ana amathandizidwanso ndi a bungwe la Family Support Trust ku Sally Mugabe Hospital, komwe tinazolowera kuti ku Gomo. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zake muzikulunge m'pepala, osati mujumbo, chifukwa chinyezi chimaononga umboni. Ngati wasamba kale, pitanibe.

Ndikudziwa kuti ena mwa ife, ana a makolo amene anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique kalekale, tilibe chitupa, ndiye timaopa ofesi iliyonse. Mantha amenewo asamulande mwana mankhwala.

Kupolisi musangoima pakauntala n'kumafotokoza pagulu. Funsani za Victim Friendly Unit, komwe kuli apolisi ophunzitsidwa kumva nkhani zotere pambali. Lamulo la Domestic Violence Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2007, silinena za kumenya kokha ayi. Kuopseza, kumana munthu ndalama zosamalira pakhomo, kukwatiwitsa mwana, ngakhale kukakamiza mayi wamasiye kulowa chokolo, zonsezi ndi nkhanza pamaso pa lamulo. Khoti la majisitireti limapereka chikalata chotchedwa protection order choletsa wankhanzayo kumuyandikira kapena kumuopseza, ndipo inu mutha kukapempha m'malo mwake mwiniwake akavomera. Za milandu, maloya a Zimbabwe Women Lawyers Association amathandiza. Nkhani ikakhala ya mwana, imbani 116 ku bungwe lothandiza ana la Childline, n'kwaulere.

Ankhoswe anzanga, mawu aja akuti banja ndi kupirira ali ndi malire. Kubwezera mayi wotupa nkhope m'nyumba momwe anamukanyanga pakhosi si kumanga banja. Bungwe la Musasa, lomwe lakhalapo kuyambira 1988, lili ndi aphungu komanso nyumba zobisalako. Akapita kumeneko, musauze aliyense komwe ali, ngakhale apongozi atalira chotani.

Mwina sanakonzeke kuchoka lero. Musamudzudzule kapena kumutaya. Mthandizeni kulongedza kachikwama kosungitsa kwanu: chitupa ngati chilipo, makalata akubadwa a ana, makadi a kusikelo, mankhwala ake ngati amamwa ma ARV, zovala zosinthira ndi ndalama ya kombi.