Penti wa beige awiri ofanana, musanagule yesani kaye pakhoma

Abale amene mukumalizitsa nyumba ku Area 49, ku 25 kapena Chinsapo, tikambeko za penti wa beige uja. Mukapita ku hardware za ku Malangalanga akupatsani kakhadi ka mitundu ya penti, muona awiri oyandikana ngati mapasa, onse ngati tiyi wothira mkaka wambiri, ndiye mungoti tipatseni wotchipayo. Chonde musatero, khadi limanamiza.

Beige aliyense ali ndi kamtundu kena kobisala mkati mwake, wina amapendekera ku chikasu, wina ku pinki kapena ku phulusa. Ikani pepala loyera pakati pawo muona okha akusiyana.

Gulani timatini ting'onoting'ono tiwiri, mupake chigamba cha mita imodzi pakhoma, makoti awiri, zigambazo zisagundane, ndiye mudikire ziume chifukwa penti wauwisi saonetsa mtundu wake weniweni. Kenako muziyang'ana mmawa, masana komanso madzulo. Chipinda cha windo loyang'ana kumadzulo, dzuwa la 4 koloko likalowa mchipindamo beige wachikasu uja amakolera mpaka kumaoneka ngati mwapaka kirimu, pomwe mchipinda chamdima wa phulusayo amangoti bii ngati simunapente. Usiku yatsani babu, LED yoyera ya 6500K imazimula beige, yowala mwachikasu ya 3000K imamuonjezera chikasu.

Chimene ambiri amaiwala ndi pansi. Ndinalowapo mnyumba ina ya simenti yopaka polishi wofiira, anasankha wa pinki uja, kufiira kwa pansi kumabwerera kukhoma balaza lonse kumaoneka ngati lathiridwa dothi la katondo, mayi a pakhomopo mtima kuwawa poti ndowa ziwiri za malita 20 zinali zitatha kale. Pansi pofiira ine ndimati tengani wachikasu kapena wa phulusa, pa matailosi otuwa wachikasu samagwirizana nawo kwenikweni. Bweretsaninso nsalu ya katani muigundike pachigambapo.

Fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mukulidziwa, ndiye pabalaza ndi mkolido sankhani penti wopukutika ndi kansanza konyowa, penti wamba wosungunula ndi madzi uja amati PVA amagwira zala za ana.

Pulasitala akakhala watsopano mpatseni masabata 4 aume, muyambe ndi primer, penti wapansi woyambira kupaka. Mukasankha lembani nambala ya kalayo osati dzina lokha, ndipo uzani wopenta asakanize ndowa zonse pamodzi asanayambe, kuti khoma la uku lisasiyane ndi la uko.