Musadule mtengo wouma umene uli ndi mphako

Alimi anzanga, ku mapiri a Andes m'dziko la Colombia kuli chinkhwe chosowa kwambiri. Thupi lake ndi lobiriwira, pachipumi ndi m'makutu ndi pachikasu, mlomo ndi wakuda, ndipo kuyambira kumutu mpaka kumchira chimafika masentimita 42. Chimakhala kumtunda kozizira, kwa nkhungu. Mu 1999, anthu atatsala pang'ono kutaya mtima, anapeza zinkhwezi 81 zokha ku Roncesvalles m'chigawo cha Tolima.

Chinazitha ndi kusowa pogona. Mbalamezi zimagona ndi kuswera mu kanjedza wa kumapiri wotchedwa palma de cera, amene amatha kutalika mamita 60. Pomanga chisa zimasankha thunthu louma, lofumbwa mkati, lija mlimi amati latha ntchito. Nkhalango zitasanduka mabusa, akanjedza akuluakulu anatsala ali chiriri pamtetete, koma mbande zawo ng'ombe zinkadya ndi kupondaponda. Chaka ndi chaka anthu ankadulanso nthambi za kanjedzayu kukaguba nazo pa Lamulungu la Kanjedza, chonsecho mtengowu umatenga zaka makumimakumi kuti ukule.

Bungwe loteteza mbalame la ProAves linagwirana manja ndi mpingo wa Katolika, ndipo akhristu anayamba kunyamula masamba a zomera zina. Eni malo anatchinga mipanda pomwe pali mbande, mabokosi oswera anakhomedwa pamitengo. Zinkhwe zinachuluka kupitirira 1,000, moti mu 2010 zinachotsedwa pa gulu la mbalame zotsala pang'onong'ono kutheratu.

Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti zinkhwe za kwathu kuno nazonso zimadalira mphako: kachinkhwe kakang'ono ka ku Liwonde kamagona m'mitengo ya tsanya, china chachikulu chimaswera m'milambe. Tsono musanaike nkhwangwa pamtengo wouma, yang'anani m'mwamba. Mukaona bowo losalala m'mphepete, pansi pali zitosi kapena nthenga, usiyeni. Nkhuni katoleni za nthambi zogwa zokha. Ine ndimadandaula kwambiri ndi tsanya wamkulu, chifukwa ndi yemweyo amene owotcha makala amathamangira.

Mitengo yophukira yokha m'munda ndi kubusa itchingireni ndi minga kufikira itapitirira msinkhu woti mbuzi n'kuifikira, ndipo lambulani udzu mozungulira moto wolusa usanayambe. Ana auzeni asatapemo anapiye m'mphako kukagulitsa pamsewu, ndipo mukapeza chisa chokhalamo mbalame dziwitsani komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu kuti mtengowo uikidwe chizindikiro.