Momwe tingauzire ana zowawa za makolo: phunziro lochokera kwa Ayuda

Mabanja ambiri kuno ku Kasungu ali ndi nkhani zimene sakamba, monga za abale amene anamwalira pa njala ya 2002 kapena amene anapita ndi Edzi mankhwala asanafike. Mwana amakula akuona agogo ake akubisa chimanga kuchipinda ngakhale chaka chimene akolola zambiri, ndipo mantha amenewo amamulowerera asakudziwa gwero lake. Ayuda amalidziwa bwino vutoli, chifukwa boma la Nazi la ku Germany linapha anthu awo pafupifupi 6 miliyoni nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanathe mu 1945, ndipo mu 1966 dokotala wa matenda a maganizo, Vivian Rakoff, analemba ku Montreal za ana a opulumuka amene ankavutika mumtima ngakhale anabadwa nkhondoyo itatha.

Yambani ndi kusankha tsiku lodziwika. Banja la Chiyuda limayatsa kandulo yoyaka maola 24 chaka chilichonse pa tsiku limene wachibale anamwalira. Kwa ife, tsiku lovundukula chiliza kapena la chikumbutso ndi loyenera, pamene abale asonkhana kale.

Kenako lolani kuti mwana ndiye afunse. Pa chakudya cha Pasaka wa Ayuda, mwana wamng'ono kwambiri amafunsa mafunso anayi, ndipo akulu amayankha pofotokoza za ukapolo wa ku Iguputo, patebulo pali masamba owawa ndi madzi a mchere okumbutsa misozi. Ichi ndimachiona chofunika koposa, pakuti mwana amene wafunsa yekha amalandira zimene mtima wake ungathe kusenza. Inunso mungamuonetse madeya m'dzanja, n'kumuuza kuti ichi ndicho chinapulumutsa amayi ake chaka cha njala chija.

Tchulani mayina, ndipo muwalembe m'kope pamodzi ndi mudzi ndi chaka, monga mmene Yad Vashem, nyumba ya ku Jerusalem yokumbukira Ayuda ophedwa ndi a Nazi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1953, imasonkhanitsira mayina a ophedwa. Ayuda ambiri ochokera ku Ulaya amapatsa khanda dzina la wachibale womwalira. Mukachita chimodzimodzi, musamusenzetse mwanayo udindo wolowa m'malo mwa malemuwo.

Nkhani ikhalenso ndi malire, monga mmene Ayuda amakhalira pa maliro masiku 7, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono ku ntchito mpaka masiku 30 atakwana. Agogo akalephera kuyankhula, musawakakamize. Pemphani atsibweni kapena azakhali kuti apitirize tsiku lina.